Kamtengo kosadziwa kudandaula

Chimanga chikamva ludzu sichibisa. Dzuwa likangofika pamutu masamba amapindika, mwini munda n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino. Timitengo tosayoyola masamba timene anthu akuika m'miphika pabalaza ndi m'maofesi masiku ano tilibe khalidwe limeneli. Mkungudza kapena paini akhoza kufa mizu lero, koma n'kukhalabe wobiriwira kwa milungu ingapo. Masamba akamadzafiira n'kuyamba kuthothoka mukawakhudza, ndiye kuti nkhani inatha kalekale.

N'chifukwa chake ine ndimati musamafunse masamba, muzifunsa dothi. Pisani chala mumphika mpaka mfundo yoyamba. Mukamva chinyontho, madzi adikire. Ngati mwauma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire pansi, kenako mutaye amene atsalira m'kambale. Mphika wopanda zibowo ndiye wapha timitengo tambiri, chifukwa mizu nayo imapuma, ndipo ikakhala m'matope imaola. Zodabwitsa n'zakuti mtengo woola mizu umaoneka ngati wa ludzu, choncho mwiniwake amawonjezera madzi. Za ku ofesi ndiye musanene: aliyense wodutsa amakhuthuliramo tiyi wotsala m'kapu, ati akuthandiza.

Funso lalikulu, limene ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre safunsidwa kawirikawiri, ndi lakuti kodi mtengowo ndi wa m'nyumba? Mitengo yambiri ya mtundu umenewu ndi yapanja. Paini amene amakula mwamphamvu ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba amafuna dzuwa lathunthu, mphepo ndi kuzizira kwa usiku. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, kwawo ndi pamwamba pa phiri m'nkhungu. Pabalaza potseka mazenera palibe chilichonse mwa zimenezi.

Umene umapirira ndi Norfolk Island pine, uja wa nthambi zoyalana bwino m'magulumagulu. Dzinalo lisakupusitseni, si paini weniweni. Kwawo ndi pa kachilumba ka Norfolk m'nyanja ya Pacific, kummawa kwa Australia, kumene woyenda panyanja James Cook anauona mu 1774 n'kuganiza kuti thunthu lake lowongoka lingakhale mlongoti wa sitima za pamadzi. Kumeneko umatha kutalika mamita 50 kapena kuposa. Poti sufuna nyengo yozizira kwambiri, umakhala m'nyumba zaka zambiri, bola ukhale pafupi ndi zenera lowala. Muzitembenuza mphika sabata iliyonse, apo ayi upendekera kumene kuli kuwala. Muutalikitse ndi mbaula m'mwezi wa Juni, komanso ndi makina oziziritsa mpweya mu Okutobala, chifukwa zonsezi zimaumitsa mpweya. Nthambi yam'munsi ikauma n'kugwa siphukanso pamalopo. Nsonga yakenso musaidule poganiza kuti muufupikitse. Maonekedwe ake amawonongekeratu.

Feteleza ndi wapang'ono chabe, nthawi imene mtengo ukuphuka. Dothi likhale losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana, osati katondo yekha amene amauma gwa.

Nanga mkungudza umene mwagulira Khirisimasi? Ulowetseni m'nyumba sabata imodzi kapena ziwiri, ana aukongoletse, akondwere. Chaka chatsopano chikangolowa utulutseni pakhonde pamthunzi, uzolowere dzuwa pang'onopang'ono. Ngati muli ndi malo, Januwale ndi mwezi wabwino woudzala pansi mvula idakalipo, kutali ndi khoma la nyumba ndi mawaya a magetsi.