Kosi ikathera panjira, ndani abweza chenji?

Aliyense wokwera basi ya ku Chongwe aidziwa nkhaniyi. Mwakwera m'tauni, mwalipira ulendo wonse, koma pofika pa Chelstone ba kondakita aona kuti mwatsala anayi cabe. Pomwepo mumva, "Selukani makolo, mukwele iyi ili kumbuyo." Basi yatembenuka, inu mwatsala m'mbali mwa Great East Road ndi thumba la unga. Kwa mwini basi masamu ali bwino, cifukwa mafuta ndi odula. Kwa inu ulendo wathera panjira.

Ndinakumbukira zimenezi mwana wa mlongo wanga atabwera kunyumba mwezi watha. Iye aphunzira zauphunzitsi pa koleji ina. Akuti lekichala wao wa phunziro lina anapuma panchito, ndipo palibe analowa m'malo mwake. Kalasi yao anaiphatikiza ndi ina, ndipo amva mphekesera kuti caka camawa sadzatenganso ophunzira atsopano pa kosiyo. "Ba malume, manje tizaciita bwanji?" anandifunsa. Palibe anawaitana ku miting'i, palibe cikalata cinamatidwa pa bolodi.

Ku America zinacitika poyera. Mu September 2023, akuluakulu a West Virginia University anavomereza kutseka makosi 28 ndi kucotsa malo a nchito a malekichala oposa 140, ati cifukwa bajeti inaperewera ndi madola 45 miliyoni. Makosi a zinenero zakunja ndiwo anavulala kwambiri. Ophunzira anatuluka m'makalasi atavala zofiira, anakuwa mpaka m'cipinda ca msonkhano, koma akuluakuluwo anavota ndithu. Anawo anacedwa: pamene anamva, masamu anali atawerengedwa kale.

Kuno kwathu ophunzira sagona pa nkhani ya cakudya. Mu October 2018, pa UNZA panabuka cipolowe cifukwa ndalama za cakudya zinacedwa, ndipo Vespers Shimuzhila, wophunzira wa caka cacinayi, anamwalira apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi kumene ophunzira agona. Mu 2019 nduna Nkandu Luo inathetseratu ndalamazo. Ophunzira sanaiwale. Nkhaniyo inalowa m'kampeni ya masankho a 2021, ndipo mu 2023 boma la a Hakainde Hichilema linazibweza. Ici cionetsa kuti mau a ophunzira ali ndi mphamvu akagwirizana pa cinthu cimodzi.

Cimene cindidetsa nkhawa n'cakuti mphamvu imeneyi sioneka pamene cocepetsedwa ndi mphunzitsi kapena kosi. Njala imveka m'mimba tsiku lomwelo. Koma lekichala akapuma ndipo mpando wake n'kukhala wopanda munthu, zotulukapo zake zioneka patapita zaka, pamene mwana watenga digiri koma phunziro lina analingolawa cabe. Kudula kwa mtundu uwu sikucita phokoso, ndiye palibe amene amatseka mseu cifukwa ca iko.

Anthu a ku Chongwe nkhaniyi iyenera kuwakhudza kuposa ena. M'boma limeneli muli Chalimbana, malo amene akhala akusula aphunzitsi kuyambira 1939, pamene atsamunda anaikapo Jeanes School. Pambuyo pake anakhala NISTCOL, kumene aphunzitsi a m'dziko lonse anali kubwera kudzaonjezera maphunziro ali kale panchito, ndipo lero ndi Chalimbana University. Mulinso Palabana, kumene kwa zaka zambiri aphunzitsa za ziweto ndi mkaka. Ophunzira amenewa ndiwo acita lendi zipinda, agula tomato ndi malasha pamsika, ndi kudzaza mabasi amene tikwera. Kosi imodzi ikatsekedwa pa sukulu ngati izi, mai wogulitsa vitumbuwa pa geti nayenso amva kuwawa.

Tisanamizane, zifukwa zocepetsera makosi ziliko, ndipo zina n'zomveka. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi, koma amene anafunsira nchitoyo anali ambiri kuposa pamenepo, ndipo oculuka akali kunyumba ndi mapepala ao. Ena a iwo muwaona m'tumashopu twa mobile money. Komanso silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ija yabweza ma Form ku sekondale, ifuna kuti makoleji ndi mayunivesiti akonzenso zimene aphunzitsa aphunzitsi. Wamkulu wa yunivesiti akaona kalasi ya ophunzira asanu ndi mmodzi pamene ina ili ndi mazana atatu, aganiza cimodzimodzi ndi kondakita wa pa Chelstone. Sindimunena kuti ndi woipa mtima. Malipiro a lekichala, magetsi ndi madzi sizilipiridwa ndi mau okoma.

Koma kuwerenga mitu cabe kuli ndi ngozi yake. Makosi okhala ndi ophunzira ocepa kawirikawiri ndi aja amene palibe wina adzatiphunzitsira. Za bizinesi mungazipeze pa koleji iliyonse m'Lusaka. Nanga zinenero zathu? Zisanu ndi ziwiri ndizo ziphunzitsidwa m'masukulu: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cisoli, cinenero ca eni nthaka a ku Chongwe kwa amfumu Nkomeshya Mukamambo II, sicili m'gulu limenelo. Ngati tsiku lina tidzafuna mabuku a Cisoli kapena aphunzitsi odziwa kuphunzitsa mwana kuwerenga m'cinenero ca kunyumba, adzacokera m'makalasi ang'onoang'ono omwewo. N'cimodzimodzi ndi aphunzitsi a ana osamva ndi osaona. Kutseka kosi kutenga miting'i imodzi, koma kupezanso lekichala amene anapita ku Botswana kapena ku Namibia kungatenge zaka.

Anzathu a ku Malawi anationetsa mtengo wa nkhondo yotere. Mu 2011, ku Chancellor College mu Zomba, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana lekichala Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Malekichala ananyanyala, anayi anacotsedwa nchito, pakati pao Jessie Kabwila, ndipo ophunzira ambiri anaima nao. Pothera pake anayiwo anabwezedwa panchito, koma maphunziro anaima kwa miyezi yambiri. Nkhani yao inali ya ufulu wophunzitsa osati ya bajeti, koma phunziro ndi limodzi: ophunzira angateteze aphunzitsi ao, ndipo akadikira kuti zinthu zifike poipa, alipira ndi caka ca moyo wao.

Ndiye kwa ma union a ophunzira, ku Chalimbana, ku Palabana, ku UNZA ndi kwina konse, ndili ndi zinthu zitatu zoti mupemphe manje, kukali bata. Coyamba, cilembedwe papepala kuti amene wayamba kosi adzaimaliza ndi aphunzitsi okwanira, ngakhale kosiyo itsekedwe kwa obwera m'mbuyo. Ambiri a inu muphunzira ndi loni ya HELSB, ndipo nkhongole ibwezedwa ngakhale kosi isokonezeke. Caciwiri, caka ciliconse yunivesiti ionetse poyera kuti dipatimenti iliyonse ili ndi malekichala angati, angati apuma, ndipo angati alowa m'malo. Cacitatu, woimira ophunzira akhalepo pamene nkhani yotseka kosi iyamba kukambidwa, osati kuitanidwa kudzamva zimene ena agamula kale. Izi sizifuna kutentha matayala pa Great East Road. Ndipo kunena zoona, mukatseka mseu amene avutika ndi ife a m'mabasi, amene tikanakhala kumbali yanu.

Inunso makolo, musangotumiza ndalama ya fizi pa foni n'kukhala cete. Funsani mwana wanu ngati kosi yake ndi yovomerezedwa ndi Higher Education Authority, cifukwa bungwe limenelo ndilo livomereza makosi a mayunivesiti. Mufunseni ali ndi malekichala angati temu ino, ndipo ndi maphunziro angati amene sanaonepo mphunzitsi. Mumafunsa chenji ya K2 kwa kondakita mpaka basi yonse kukumvani, nanga ndalama ya zaka zinayi?

Mwana wa mlongo wanga wabwerera kusukulu. Tinakhala pansi usiku uja n'kulemba kalata yopita kwa mkulu wa dipatimenti yake, yofunsa funso limodzi cabe: kodi amene tili m'caka cacitatu tidzamaliza ndi ndani? Anzake khumi ndi awiri asainapo. Yankho likabwera, ndidzakuuzani pa tsamba lino.