Zocheza za Mlimi wa ku Thambani: Ndinakhuta Popanda Nsima

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya chakudya, ndipo ndidziwa kuti ena mwa inu mundiseka mukaimva. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka pothera.

Mwezi wa June, manachesi atapsa, ndinakweza madengu anga pa lole kuno ku Thambani, tinadzera pa boma la Mwanza, kuwoloka Shire pa Zalewa, mpaka kufika ku Blantyre. Kumeneko kuli mwana wa mlongo wanga amene agulitsa ndiwo zamasamba mumsika. Titatha malonda dzuwa lili pamutu, njala inandigwira, ndipo ndinati tikafune nsima ya usipa kuseri kwa msika monga ndichitira nthawi zonse. Mnyamatayo anakana nati, "Malume, lero mukadya kwa Atchaina amene amandigula masamba m'mawa uliwonse. Ndalama nditulutsa ndine." Mwana akati alipira yekha, wamkulu satsutsa.

Kanyumba kake kanali kakang'ono, ka matebulo asanu ndi limodzi okha. Eni ake ndi banja limodzi: bambo ali kukhitchini, mayi ali pakhomo ndi buku la ndalama, mwana wao wamwamuna ndi mkazi wake akuthandiza uku ndi uku, ndiponso atsikana awiri a ku Malawi konkuno akuperekera mbale. Mayiyo anandilonjera m'Chichewa chopindikapindika, "Muli bwanji, bambo?" Kenaka anabweretsa tiyi wotentha m'tikapu ting'onoting'ono. Ine ndinadikira shuga ndi mkaka, koma sizinabwere, pakuti kwao tiyi amamwa wotero.

Kapena wina afunsa kuti, kodi anthu amenewa anachuluka liti m'dziko muno? Kuyambira 1966 Malawi anali pa ubale ndi chilumba cha Taiwan, koma mu December 2007 Boma linatembenukira ku dziko lalikulu la China. Kuchokera pamenepo Atchaina anamanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2010, ndi msewu wa Karonga mpaka Chitipa. Pambuyo pa omanga panadza amalonda. Amalonda athu a m'maboma atadandaula kuti akulandidwa msika, mu 2012 Boma linalamula kuti amalonda ochokera kunja azichita malonda ao m'mizinda inayi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Banja limene ndikunenali silipikisana ndi sitolo ya pamudzi. Ilo liphika chakudya cha kwao, ndipo masamba ake ligula kwa ife.

Tili chikhalire, ndinapenya pa kawindo ka kukhitchini, ndipo ndinaona chodabwitsa. Bambo uja anatenga mtanda wa ufa wa tirigu wokanda ndi madzi ndi mchere, naugwira nsonga zonse ziwiri, naukoka mpaka manja ake anatambasuka. Anaupinda pakati naukokanso. Chingwe chimodzi chinasanduka ziwiri, ziwiri zinasanduka zinayi, zinayi zisanu ndi zitatu. Ana a sukulu awerengere okha: munthu akapinda kasanu ndi kawiri, zingwe zifika 128. Zonsezi anazichita msanga koposa mmene ine ndimangira mtolo wa udzu, ndipo panalibe makina kapena mpeni. Anaziponya m'madzi owira, ndipo posakhalitsa zinapsa. Azungu chakudyachi amati noodles. Zokoka ndi manja chotere Atchaina amati lamian, ndipo mzinda wa Lanzhou ndiwo utchuka nazo koposa. Banjali linati lichokera kumpoto kwa China, kumene kuli kozizira ndi kouma, ndipo anthu amadalira tirigu. Kummwera, kwa mvula yambiri, amadalira mpunga.

Mbale inafika, bakuli lalikulu lofuka nthunzi. Pansi panali zingwe zija, zomira mu msuzi wa mafupa a ng'ombe amene anakhala pamoto kuyambira mbandakucha. Pamwamba panali nyama yodula mopyapyala ngati tsamba, masamba a anyezi, adyo, jinja, tsabola wokazinga m'mafuta, ndi ndiwo imene tonse tiidziwa, ija ife timati tchainizi. Ndinaseka ndekha. Zaka zonsezi ndakhala ndikulima tchainizi kudimba osaganizako kuti dzinali linena za anthu, ndipo lero eni dzina ndi amene akundiphikira.

M'malo mwa supuni anandipatsa timitengo tiwiri. Abale, musandifunse zambiri. Ndikati ndigwire, zingwe zipulumuka. Ndikati ndibaye, msuzi undithimbirira malaya. Mtsikana mmodzi anandimvera chisoni nandibweretsera foloko, nati, "Agogo, musavutike, nafenso tinayamba choncho." Pa tebulo lina panali Mtchaina amene ankapsontha ndi phokoso, bakuli lili kukamwa, ndipo palibe amene anamuyang'ana. Kwathu mwana wotero tikanamudzudzula, koma mudzi uliwonse uli ndi mwambo wake. Mayi uja anatiuzanso kuti munthu akamakumbukira tsiku lake lobadwa amamuphikira zingwe zazitali zosadula, kumufunira moyo wautali.

Nditatha bakuli lonse ndinapukuta pakamwa, ndipo ndinafunsa mnyamata uja kuti, "Nanga nsima ibwera nthawi yanji?" Iye anaseka mpaka misozi, nati, "Malume, mwadya kale." Ndinakwiya pang'ono mumtima, pakuti mtengo wa mbale imodzi ukanagula nkhuku kwathu kuno, ndipo ndinayesa kuti tisanafike pa Lunzu njala idzandigwiranso. Koma tinadutsa Lunzu, tinadutsa Zalewa, tinafika pa Mwanza kutada, mimba ili chikhutire.

Tsono apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yanga. Ife tili ndi chizolowezi chonena kuti "sindinadye" ngakhale tadya mbatata yodzaza mbale, chinangwa, nthochi zophika kapena maungu. Kwa ife chosakhala nsima ya chimanga si chakudya. Koma kodi chimangacho n'chathu chenicheni? Iai. Chinachokera ku America, ndipo chinafika kuno ku Africa pa zombo za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Makolo athu akale ankadya mapira ndi mawere, ndipo anali amphamvu osenza, kusaka ndi kusula makasu. Atchaina nao anayamba ndi mbewu zotere. Mu 2005 akatswiri analengeza kuti pamalo otchedwa Lajia, pafupi ndi mtsinje wa Yellow River, anafukula bakuli lovundikira lokhala ndi noodles za zaka 4,000, ndipo anati zinapangidwa ndi ufa wa mbewu ya mtundu wa mawere. Chotero chakudya cha mtundu wa anthu chimasintha, ndipo mtunduwo sufa nacho.

Chimene chimapha ndicho kudalira mbewu imodzi. Akuluakulu akumbukira njala ya 1949. Ambiri a ife tikumbukira ya 2002, pamene anthu anadya chimanga chosakhwima ndi mizu ya kutchire. Mu March 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Pa nthawi zotere chimanga ndicho chiyamba kufota, pamene chinangwa, mapira ndi nandolo zimapirira dzuwa. Chakudza sichiyimba ng'oma. Banja limene ana ake anazolowera kukhuta ndi zakudya zosiyanasiyana silidzidzimuka nkhokwe ya chimanga ikapepuka.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Ndili pa lole ndinawerenga za m'bakuli muja. Tirigu ndi chokhutitsa, nyama inalimo, masamba analimo, mafuta analimo. Pambali anatipatsa kambale ka chakudya choyera chofewa chotchedwa tofu, chimene amapanga ponyika soya, kumupera, kuwiritsa madzi ake ndi kuwaumitsa ngati chambiko. Amenewo ndi magulu asanu. Lachisanu ndi chimodzi ndinakwaniritsa ndekha ndi nachesi la m'thumba mwanga. Nyama inali yochepa ndithu, yosakwana ngakhale nthuli ziwiri za kwathu, koma mafupa amene ife timaponyera agalu iwo anawasandutsa msuzi wodyetsa anthu tsiku lonse. Ife timadya mitanda itatu ya nsima ndi kandiwo ka pa chala, ndipo tidabwa ana akamatupa mimba.

Palinso phindu la ndalama. Kupatula tirigu, zonse za m'bakuli muja zimamera m'minda ndi m'madimba athu. Tirigu amene amalimidwa m'mapiri a Neno ndi Tsangano, ngakhale kuti ndi wochepa, ndipo wambiri amene dziko lino lidya ligula kunja. Mwana wa mlongo wanga akuti mayi uja sagula zambiri, koma agula tsiku lililonse, ayang'ana tsamba limodzilimodzi, akana lofota ndi lobooka ndi mbozi, ndipo alipira pompo. Ife a ku Thambani tili kutali, masamba sangafike ku Blantyre ali abwino. Koma adyo, jinja, anyezi ndi tsabola wouma siziola panjira. Amene ali ndi dimba afunse Mlangizi wa zaulimi za mbewu zimenezi, ayese bedi limodzi kapena awiri chaka chino, ndipo pokagulitsa manachesi akazitengere limodzi. Nyumba zodyeramo, za Atchaina, za Amwenye ndi za anthu athu omwe, zonse zifuna zokometsera zimenezi.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera amayi a kwathu, ndipo iwo anati tiyese. Kukoka ndi manja kunatikanika, pakuti luso limenelo munthu aphunzira miyezi yambiri. Koma pali njira yapafupi. Tengani makapu awiri a ufa wa tirigu, dzira limodzi, mchere pang'ono ndi madzi ochepa. Kandani mpaka mtanda ulimbe, muuvundikire kwa theka la ola. Kenaka muupsinje ndi botolo loyera pa thebulo lowaza ufa mpaka upyapyale, muupinde, ndi kudula timizere ndi mpeni. Ponyani m'madzi owira kwa mphindi zinayi kapena zisanu, tsanulani, ndipo thirani msuzi wa nkhuku kapena wa mafupa, ndi mpiru wongofutsa pang'ono kuti usataye mphamvu yake. Adzukulu anga ananyambita mbale. Mkulu wanga anadya mbale ziwiri, nasamba m'manja, nati, "Zikomo mlamu, zokoma ndithu. Tsono tereka madzi a nsima."

Sindikuti musiye nsima, abale, ndiponso sindikuti muzigula ufa wa tirigu masiku onse, pakuti ndi wodula. Ine ndemwe usiku womwe uja wa mkulu wanga ndinadya nawo nsimayo. Chimene ndipempha n'chakuti pamene tikonza minda ya chaka chino, aliyense asiye chigawo cha chinangwa, cha mbatata, cha mapira ndi cha nandolo. Ndipo tsiku limodzi pa sabata amayi aphike chakudya chamasana chopanda nsima, chokhala ndi ndiwo zokwanira, kuti ana azolowere nkhokwe idakali yodzaza. Mwana akati "sindinadye," mumufunse ngati ali ndi njala.

Amene ayesa njira ya botolo ija alembe kalata kwa Mkonzi atiuze mmene zayendera. Sabata ya mawa tidzacheza za kasungidwe ka mbewu ya mbatata m'chilimwe. Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Mlimi wa ku Thambani