Mwana Wanu Akamakamba za Mpira, Tcherani Khutu

Mapemphero a Lamulungu m'maŵa akatha, anthu sabalalika nthaŵi yomweyo. Amai a Chigwirizano amaima pamthunzi kuuzana za odwala ndi za maliro a mudzi wakuti. Akulu a mpingo amaloŵa m'chipinda kukaŵerenga zopereka. Koma kuseri kwa tchalitchi, kumene timatsamiritsa njinga, kumasonkhana kagulu kena kamene sikalembedwa m'mabuku a mpingo, ngakhale kuti sikalephera kukumana sabata ndi sabata. Anyamata a m'kalasi, oimba kwaya, ngakhalenso madikoni ena a imvi, onse amakhala pomwepo. Nkhani yao ndi imodzi: mpira wa dzulo, ndi mpira wa Loŵeruka likudzali.

Ife sitili m'gulu la anthu amene amaona tchimo m'zokamba zimenezi. (Nkhani ya maseŵera ochitika tsiku la Sabata ndi ina, ndipo ifunika tsamba lakelake.) M'nyumba zambiri mpira ndiyo nkhani yokhayo imene bambo ndi mwana wake wamwamuna angakambirane kwa ola lathunthu popanda wina kukalipa kapena kuŵeramitsa mutu. Bambo amene sadziŵa kumufunsa mwana za maphunziro popanda kumuwopseza, pa za mpira amaseka naye, amatsutsana naye, ndipo nthaŵi zina amavomera kuti mwanayo wanena zoona. Chinthu chotere sichopepuka m'banja.

Taonani m'mene nkhaniyi imayendera. Bambo ndi wa Manoma, mwana ndi wa Maule. Bambo amayamba ndi kukumbutsa mwanayo kuti Bullets idabadwa mu 1967 kuchokera mwa oseŵera amene adapatuka ku Wanderers, choncho mwana azilemekeza kholo lake. Mwana amayankha ndi manambala: ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, ndiponso zikho zinai m'chaka chimodzi cha 2023. Bambo amakumbutsa za 2017, pamene Wanderers idatenga ligi, nafunsa kuti Maule adali kuti chaka chimenecho. Ngati pali malume wochokera ku Lilongwe, iye amangodikira mpata wake, kenaka amatsokomola pang'ono ndi kutchula 2024, chaka chimene Silver Strikers idatenga ligi itakhala osaiona kuyambira 2013. Ndipo sangaiŵale kuthira mchere pabala, pakuti mphunzitsi amene adaŵatengera ligiyo, Peter Mponda, adakhala zaka zambiri ali mtsogoleri wa oseŵera a Bullets yomweyo. Msilikali wopuma naye ali ndi chake chonena, popeza Kamuzu Barracks idaŵadabwitsa onse mu 2016.

Matimu aŵiri a ku Blantyre aja asintha maina kangapo, monga mwa makampani amene amaŵathandiza. Ina yakhala Bata, Total, Bakili, Nyasa. Inayo yakhala Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward. Koma wochemerera weniweni sadasinthe ndi dzina. Wofiira adakhalabe wofiira, wobiriŵira ngati thambo adakhalabe chomwecho, m'chaka cha zikho ndi m'chaka cha njala yomwe. Agogo amene adamvera pa wailesi Kinnah Phiri akumwetsa zigoli, pamene Malaŵi idatenga chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, amatha kukhala pamphasa imodzi ndi mdzukulu amene adalumpha usiku uja wa Januwale 2022, Gabadinho Mhango ataponya mpira kuchokera kutali n'kugoletsa Morocco. Tidagonja 2–1 tsiku limenelo, koma chigolicho chikukambidwabe. Atsikana nawonso ali ndi zao zonena masiku ano, chifukwa cha Tabitha ndi Temwa Chawinga, ndi chikho cha COSAFA chimene timu ya amai idabwera nacho mu 2023.

M'zokamba zotere mwana amaphunzira zambiri osadziŵa kuti akuphunzira. Amaŵerengera mapointi: atatu ukapambana, imodzi mukafanana mphamvu, ndipo ngati tatsala ndi maseŵera asanu, kodi tingampeze amene ali pamwambayo? Amaphunzira kuti woseŵera amene lero waphonya penate ndi yemweyo amene adatiwombola mwezi watha. Amaphunzira kupita kusukulu Lolemba timu yake itagonja, anzake n'kumamuseka, iye n'kupirira. Amaphunzira kukhala wokhulupirika kwa chinthu chimene sichimpatsa tambala ndi imodzi yomwe.

Komatu pa zaka zapitazi, m'kagulu ka kuseri kwa tchalitchi kaja mwaloŵa mau achilendo, ndipo ndiwo atichititsa kulemba nkhani ino. Kale mnyamata akanena za maseŵera akudza ankati, "Loŵeruka tikaŵaonetsa." Lero mumamva wina akuti, "Timu yakuti yandiphera tikiti." Mukamvetsetsa, timu yakutiyo si yake konse. Mwina ndi ya ku Turkey kapena ku Belgium, ndipo iye sadziŵa dzina la woseŵera wake ndi mmodzi yemwe, kaya mtundu wa malaya amene imavala. Waidziŵa chifukwa idali pa mzere wachisanu ndi chiŵiri wa kapepala kake ka kubetcha. Kumene makolo athu ankakutcha kutchova juga, kumene kunkachitikira m'malo obisika ndi makadi akuda ndi thukuta, tsopano kwavala malaya a mpira, kwaloŵa m'telefoni ya m'manja, ndipo kumagona pamtsamiro pa mwana wanu.

Makolo ambiri sadziŵa m'mene maloto ameneŵa amagulitsidwira, choncho tiyeni tifotokoze pang'ono. Kubetcha pa maseŵera amodzi kumabweza ndalama zochepa, ndipo sikukopa mnyamata wosauka. Chimene chimamukopa ndicho kumanga maseŵera ambiri pa tikiti imodzi, kuti K500 isanduke zikwi mazanamazana. Koma lamulo lake ndi lakuti alosere molondola maseŵera onsewo. Akaphonya amodzi okha, zonse zapita. Tsono tengani choko tiŵerengere. Tiyerekeze kuti pa maseŵera alionse mwai wolosera bwino ndi theka, monga poponya ndalama m'mwamba. Pa maseŵera aŵiri mwai umatsika kufika pa umodzi mwa 4. Pa asanu, umodzi mwa 32. Pa maseŵera khumi, umodzi mwa 1,024. Ndipo mpira si ndalama ya mbali ziŵiri, pakuti pali kupambana, kugonja, ndi kufanana mphamvu. Munthu wongolosera mwachimbulimbuli pa zitatuzi, pa maseŵera khumi, mwai wake ndi umodzi mwa 59,049.

Mnyamata adzakuyankhani kuti iye salosera mwachimbulimbuli, amaudziŵa mpira, amasankha matimu amphamvu okhaokha. Chabwino, timpatse ulemu umenewo. Tinene kuti ndi katswiri amene amalondola kasanu ndi kaŵiri pa maulendo khumi alionse, chimene ndi luso lalikulu ndithu. Ngakhale iyeyo, akamanga maseŵera khumi pa tikiti imodzi, adzapambana pafupifupi katatu kokha pa matikiti 100. Enawo 97 ndi mapepala oyatsira moto. Ndiponso pa matimu amphamvuwo kampani imalipira zochepa kwambiri, chifukwa nayonso imaŵadziŵa. Mitengo yake imaikidwa mwa njira yakuti, kaya ipambane iyi kaya iyo, ndalama zoloŵa zipose zotuluka. Umo ndimo mumachokera malipiro a antchito ake, lendi ya masitolo ake, ndi zikwangwani zokongola zija za m'mbali mwa mseu. Sizichokera kumwamba ai. Zimachokera m'thumba la mwana wanu ndi la anzake.

Anyamata amakonda kukumbutsana za Leicester City ya ku England, imene idatenga ligi mu 2016 pamene makampani a juga adaika mwai wake pa umodzi mwa 5,000. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo anthu oŵerengeka adapatadi ndalama. Koma chimene chimaichititsa kukambidwabe mpaka lero ndicho chakuti sizichitikachitika. Amene wapambana amajambulidwa chithunzi, ndipo mudzi wonse umamva. Amene aluza, zikwi ndi zikwi, amabwerera kunyumba mwakachetechete, nanena kuti ndalama ya sopo idagwa panjira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutayika kwa ndalama ndi koŵaŵa, makamaka m'masiku ano pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo thumba la feteleza lasanduka nkhani yosagonetsa tulo. Tikudziŵa za ophunzira amene adapatsidwa fizi kunyumba koma sidafike kwa msungichuma wa sukulu, ndi za anyamata a kabaza amene thukuta la tsiku lonse limathera pa tikiti ya madzulo. Koma pali kutayika kwina kumene ife tikuona kuti n'kwakukulu koposa, ndipo n'kumene kungakuthandizeni kuzindikira matendaŵa msanga. Wobetcha amasiya kukonda timu yake.

Lingalirani za mnyamata wa Maule amene wabetcha kuti matimu onse aŵiri agoletsana. Timu yake ikutsogola 2–0, kwatsala mphindi zisanu. Bwalo lonse lofiira likuimba, koma iye mumtima akupempha kuti otchinga kumbuyo a timu yake yomwe aterereke, mdani apeze chigoli chimodzi. Goloboyi wake akagwira mpira mwaluso, iye amatukwana. Agogo ake, amene adatsata timu imeneyi pa njinga ndi pa wailesi ya mabatire kwa zaka makumi asanu, sangamvetse chinthu choterechi. Mwanayo akuoneka ngati akuonera mpira, koma maso ake ali pa kapepala. Chimwemwe chimene chidali chaulere wachigulitsa, ndipo wachita kulipira kuti achigulitse.

Oseŵera nawonso amalaŵa ululu wake. Kale woseŵera akaphonya, ochemerera ankadandaula, n'kukhululuka pofika Lachitatu. Koma munthu amene wataya ndalama ya lendi chifukwa cha phazi la mnzake sakhululuka msanga. Mau amene amalembedwa pa Facebook onena za anyamata ameneŵa ndi oti sitingaŵabwereze m'magazini ino. Timaiŵala kuti woseŵerayo ndi mwana wa munthu, kuti amai ake mwina amakhala nafe pabenchi imodzi m'tchalitchi, ndi kuti ambiri mwa oseŵera a m'ligi yathu, kupatula a matimu akuluakulu oŵerengeka, amalandira zochepa zedi.

Malamulo a dziko saloleza mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo lamulo la 2022 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira za juga ndi malotale. Koma telefoni siyang'ana nkhope ya munthu. Mwana wa Fomu 2 angathe kugwiritsa ntchito nambala ya mkulu wake, kapena ya amai ake amene amamtuma kukatapa ndalama. Katekisma wathu, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu, satchula wakuba wothyola nyumba yekha ai. Amatsutsanso umbombo ndi kumwaza mphatso zimene Mulungu watipatsa. Ana athu adaloŵeza zimenezi m'kalasi. Chosoŵa n'chakuti palibe amene adaŵauza kuti kapepala kaja kali m'gulu lomwelo.

Tikunena kwa inu abambo anzathu mosabisa mau. Ena mwa ife ndife amene tidaŵaphunzitsa. Mwana amene amatumidwa ndi bambo wake kuti akamuikire tikiti pa sitolo ya pamsika sangamvenso chidzudzulo cha bambo yemweyo. Ndipo bambo amene, atatulukira zimenezi, angolamula kuti m'nyumba muno musamvekenso za mpira, watseka khomo lokhalo limene mwana ankaloŵera kudzacheza naye. Mwanayo adzapita kukaonera ku nyumba za kanema za pamsika, kumene anzake onse agwira matikiti m'manja. Si mpira umene wamudwalitsa. Mpira ungathe kukhala mbali ina ya mankhwala ake, ngati mukhala naye pansi kumvera limodzi, ngati mupita naye ku bwalo ndalama ikapezeka, ngati bungwe la achinyamata pa mpingo panu likhala ndi timu yakeyake yoseŵera Loŵeruka masana. Amene wathamanga mphindi 90 ndi miyendo yake amalemekeza woseŵera, ndipo madzulo amagona msanga.

Inunso achinyamata, yesani ichi kwa mwezi umodzi wokha. Tengani kope, mulembe ndalama iliyonse imene mwaika ndi iliyonse imene mwalandira, osadumpha tsiku. Mtima umakumbukira tsiku limodzi lija mudapata K20,000, koma umaiŵala ma K500 makumi asanu ndi limodzi amene adapita mwakachetechete. Kope siliiŵala. Ngati muli kale m'ngongole, uzani munthu wamkulu amene mumamkhulupirira, mbusa kapena mlangizi, musanabwereke kwina kuti mubweze poyamba paja, pakuti dzenje limeneli limakula ndi kukumba komweko.

Makolo amene mukufuna kudziŵa pamene mwana wanu waima simusoŵa kufufuza m'telefoni mwake usiku iye ali mtulo. Mfunseni za timu yake pa chakudya cha madzulo. Mfunseni amene akutchinga kumbuyo chaka chino, amene wavulala, mnyamata watsopano amene wachokera ku timu yaing'ono, ndi chifukwa chake mphunzitsi samuika poyamba. Wochemerera adzayankha mpaka nsima kuzizira, ndipo adzakutsutsani pa dzina lililonse limene mungatchule. Koma ngati maina a oseŵera akumuvuta, pamene akudziŵa bwino lomwe kuti usiku uno ku Portugal kuli maseŵera angati ndi kuti ayamba nthaŵi yanji, musadikire kuti fizi ya teremu ikudzayi ichoke m'manja mwanu musanakambirane naye.