Mphepo yosasula denga ndi ya mphindi zochepa

Amayi ouluza nandolo ku Ulongwe amadziwa: m'mamawa kumakhala zii, mphepo imadzuka dzuwa likakwera. Masiku ambiri pa chaka kumangokhala kamphepo kayaziyazi. Ngakhale mwera wa mu Juni ndi Julaye, uja wovutitsa asodzi pa Chilwa ndi Malombe, a zanyengo amauchenjezeratu pa wailesi.

Koma yosasula madenga ku Ntaja ndi ku Phalula ndi ina, yotsogolera mvula yoyamba mu Novembala. Mukawerengera liwiro la mphepo chaka chonse n'kugawa, iyoyo imabisika. Mmisiri wanga anakhoma malata poganizira masiku a bata: misomali patalipatali, phaso osalimangirira ndi waya kukhoma. Chaka chatha malatawo tinakawatola m'munda mwa aneba. Mitengo yomwe inkatitchinjiriza, paja tinaotcha makala tokha.