Tikuwa Maina, Koma Timu Ifuna Chani?

Tsiku limene FAZ itulutsa mndandanda wa anyamata oitanidwa ku Chipolopolo, Kafue yonse isanduka makochi. Mu babashopu ku Shikoswe makina aima pakati pa mutu wa munthu. Mu minibasi yopita ku Lusaka kondakitala aiwala chenji. Pa WhatsApp mauthenga afika ngati matalala: "Uyu alowa bwanji? Uja amusiya chifukwa chani? Ba kochi adya ndalama!" Mndandanda ukalibe kukwanitsa ola limodzi, ise taweluza kale, tapeza olakwa, tapeleka na chilango.

Ise amene tilemba pano tili m'gulu lomwelo. Takuwapo, tanyozapo, ndipo ena mwa ise tinalembapo mau pa Facebook amene sitingafune kuti amai athu awelenge. Ndiye chifukwa chake tikamba mosabisa: mkwiyo wathu wa pa tsiku la mndandanda ni waulesi. Tikuwa maina a anthu amene tikonda, koma funso lakuti timu isowa chani sitilifunsa. Ndipo pa matauni onse a mu Zambia, Kafue ndiye iyenela kuchita manyazi kwambili na khalidwe ili.

Matenda aya si athu tekha. Ku America kuli mpila wao uja wa zisoti, wogwila na manja, umene ligi yake ni NFL. Chaka chilichonse mu April matimu 32 akhala pansi kusankha anyamata ochokela ku mayunivesiti, ndipo mwambo uwu autcha draft. Lamulo lake ni lakuti timu imene inachita zoipa kwambili chaka chatha ndiyo iyamba kusankha, ndipo akatswili asankha pothela. Masapota atamba pa TV, ena apita ku holo komweko, ndipo dzina likangotchulidwa ayamba kuomba m'manja kapena kukuwiza mwana amene akalibe kuvala na yunifomu yomwe.

Mu 1999 timu ya Philadelphia Eagles inali yachiwili kusankha, ndipo inatenga Donovan McNabb. Masapota ake amene anapita ku New York anamukuwiza pamaso pa dziko lonse chifukwa anali kufuna Ricky Williams. McNabb yemweyo anatsogolela timuyo zaka zoposa 10 na kuifikitsa ku fainolo ya Super Bowl mu 2005. Mu 2000 Tom Brady anasankhidwa pa nambala 199, anthu atatopa kale kutamba, koma anadzawina Super Bowl ka 7. Mu 2007 JaMarcus Russell anasankhidwa woyambilila pa onse, masapota a Oakland Raiders anavina, koma patapita zaka 3 chabe timu inamuchotsa. Awa ni matimu okhala na madokotala, makompyuta na anthu olipidwa kuti azitamba mwana mmodzi chaka chonse, koma alakwitsa. Nanga ise amene taona kavidiyo ka masekondi 30 pa foni, chitsimikizo chathu tichitenga kuti?

Manje tibwele kwathu. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Zambia inatenga chikho cha Africa. Tonse tikumbukila kumene tinali usiku uja. Koma tiyeni tikumbukilenso maina. Ivory Coast inali na Didier Drogba, Yaya Touré, Kolo Touré na Gervinho, anthu amene tinali kutamba mu ligi ya ku England sabata iliyonse. Ise tinali na Kennedy Mweene wa ku Free State Stars, Stoppila Sunzu na Rainford Kalaba a ku TP Mazembe, na kaputeni Christopher Katongo amene anali kuchaya bola ku China. Ambili mwa anyamata athu anali kusewela mu Africa momwemuno. Mukanaika mindandanda iwiliyo pa tebulo mu bala ya ku Kafue Estates, kulibe amene akanabetcha pa ise.

Ba Hervé Renard sanatole maina, anamanga timu. Mpikisano uli mkati anabweza Clifford Mulenga kunyumba pa nkhani ya mwambo, ngakhale kuti anali mnyamata waluso amene CAF inamupatsa mphoto ya wosewela wachichepele mu 2007. Pa fainolo, Joseph Musonda anavulala mphindi zoyambilila ndipo anatuluka akulila. Amene analowa m'malo mwake ni Nyambe Mulenga. Tifunse moona mtima: ndani mwa ise anakuwapo dzina la Nyambe Mulenga pa tsiku la mndandanda? Kulibe. Koma ngati pa benchi panalibe difenda wokonzeka, ngati malo ake anapatsidwa kwa sitilaika wachisanu kuti ise tikondwele, Drogba na anzake akanapeza khomo lotseguka. Masewela anatha 0-0, tinawina 8-7 pa mapenati, ndipo amene anamwetsa yomaliza anali Sunzu, difenda.

Apa ndiye pali vuto lathu. Tikakamba za mndandanda, tikamba za omwetsa zigoli chabe. Timu ili na malo 11, ndipo lililonse lili na nchito yake. Pafunika wa kumbuyo kumanzele amene mwendo wake wamanzele ugwila nchito. Pafunika wa pakati wolanda mpila, uja amene saoneka pa mavidiyo chifukwa nchito yake ni kuononga za adani. Pafunika golokipa wachiwili amene angakhale pa benchi mwezi wathunthu osadandaula, koma n'kulowa ali wokonzeka. Munthu akakhala na ndiwo zambili koma alibe unga, sapita ku msika kukagulanso nkhuku. Ise tifuna nkhuku pamwamba pa nkhuku, ndipo nsima ikasowa tikwiyila wophika.

Kumbukilani January 2024 ku Ivory Coast. Titaphonya mipikisano itatu yotsatizana, ya 2017, 2019 na 2021, tinabwelela na timu ya ba Avram Grant yokhala na maina amene tonse tinali kuwadziwa. Tinalingana 1-1 na DR Congo, 1-1 na Tanzania, tinaluza 1-0 kwa Morocco, n'kubwelela kunyumba. Zigoli 2 pa masewela 3. Panali zambili zofunika kukambilana: mpila unali kufika bwanji kutsogolo, ndani anali kuupanga pakati, chifukwa chani omwetsa athu anali kuoneka ngati ali okha pa chilumba. Ambili a ise tinasankha njila yachidule. Tinasakila munthu mmodzi womupachika.

Ndipo nthawi zambili munthu ameneyo amakhala mwana wa kuno kwathu.

Patson Daka anakulila mu Kafue muno. Anachaya bola pa fumbi lomweli limene tipondapo popita ku msika, ndipo anadzela ku Kafue Celtic. Enock Mwepu nayenso anadzela ku Kafue Celtic. Mu March 2017 anyamata awa, pansi pa ba Beston Chambeshi, anatenga chikho cha Africa cha osapitilila zaka 20 pa National Heroes Stadium atagonjetsa Senegal 2-0, ndipo Daka anamwetsa chimodzi. Chaka chomwecho anafika mu makota fainolo a chikho cha dziko lonse ku South Korea. Onse awili anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria, kumene Daka anamwetsa zigoli 27 mu ligi mu nyengo ya 2020/21. Mu 2021 Daka analowa Leicester City, Mwepu analowa Brighton. Mu October chaka chomwecho Daka anamwetsa zigoli 4 yekha pa masewela amodzi na Spartak Moscow.

Funso lowawa ni ili: pamene anyamata awa anali na zaka 15, akuthamanga pa Khosa Stadium na nsapato zong'ambika, ise tinali kuti? Ambili tinali mu bala kutamba Arsenal na Manchester United, kukangana za anthu amene sadziwa kuti kuli tauni yotchedwa Kafue. Tinawadziwa pamene azungu anawadziwa. Lelo tidzitcha akatswili odziwa kusankha osewela, pamene luso linakulila pakhomo pathu ise osaliona. Ndipo Daka akaphonya chigoli chimodzi mu yunifomu ya dziko, ndife oyamba kulemba kuti ni wakutha, tiiwala kuti chigoli chimene chinatipulumutsa kwa Tanzania chinali cha mutu wake.

Nkhani ya Mwepu iyenela kutiphunzitsa kudzichepetsa. Mu October 2022, ali na zaka 24 chabe, analeka kusewela chifukwa madokotala anapeza kuti ali na vuto la mtima lobadwa nalo. Kunja anali kuoneka wamphamvu kuposa tonse. Kulibe sapota amene akanaona zimenezo pa TV. Pali zinthu zambili zimene kochi na dokotala adziwa zimene ise sitingadziwe: bondo limene litupa usiku, mwana amene ali na malilo kunyumba, wina amene safika pa nthawi ku maphunzilo. Mndandanda ni mapeto a nkhani yaitali, ndipo ise tiwelenga tsamba lomaliza chabe.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Adzati: "Manje tizingokhala chete? Makochi salakwitsa? Maejenti sakankha anthu ao?" Iyayi, sitikamba kuti tikhale chete. Makochi alakwitsa, ndipo kulikonse kumene kuli ndalama za kugulitsa osewela, funso la maejenti ni loyenela kufunsa. Timu ya dziko ni yathu, ndipo ba kochi na FAZ ayenela kufotokoza poyela chifukwa chake atenga uyu n'kusiya uja. Koma kufunsa na kunyoza ni zinthu ziwili zosiyana. Kukamba kuti "tili na osewela a pakati 8 koma wa kumbuyo kumanzele ni mmodzi, akavulala tidzachita bwanji?" ni funso limene kochi sangalithawe. Kukamba kuti "adya ndalama" popanda umboni ni mphatso kwa iye, chifukwa aseka chabe n'kupitiliza. Phokoso lathu ndilo libisa zolakwa zenizeni.

Choipa kwambili ni pamene tiyamba kuwelenga mndandanda na maso a mtundu. Uyu ni wa kum'mawa, uja ni wa ku Copperbelt, awa achuluka. Kafue inamangidwa na anthu amene anabwela kuchokela mbali zonse kudzagwila nchito ku Nitrogen Chemicals na ku fakitale ya nsalu. M'makomboni mwathu Mtonga, Mbemba, Mlozi na Mnyanja atunga madzi pa pompi imodzi. Ngati mwana wa Kafue ayamba kufunsa mtundu wa golokipa, ndiye kuti waiwala nyumba imene anakulilamo.

Tisabisenso za kubetcha. Ambili a ise mkwiyo wathu suchokela pa chikondi cha dziko, uchokela pa tikiti imene yafa. Waika ndalama ya ndiwo pa mwana wa zaka 19, mwanayo waphonya, ndipo usiku womwewo umulembela mau otukwana amai ake. Mwana uja ali na foni, awelenga. Azilongo ake awelenga. Iye sanakutume kubetcha.

Kuno kulibe draft. Kulibe lamulo lopatsa timu yofooka mwai woyamba. Zesco United, Power Dynamos, Nkana na Zanaco ali na mphamvu zogula, ndipo timu yaing'ono ikhala na moyo mwa kulela ana na kuwagulitsa. Malamulo a FIFA akamba kuti wosewela akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 pelesenti ya mtengo igawidwa kwa matimu amene anamulela kuyambila zaka 12 kufika 23. Ndiye kuti mwana aliyense amene aphunzitsidwa bwino pa gilaundi ya m'komboni ni chuma cha tauni yonse. Draft yathu ichitika pa Chiwelu masana, pa fumbi, pamene kochi wosalipidwa agawa mabibu kwa ana 30 na mpila umodzi. Kumeneko ndiye kufunika maso athu na mau athu, koma kumeneko ndiye sitipezeka.

Chotelo tipangane zinthu zochepa. Mndandanda ukatuluka, tiyambe tawelenga malo tikalibe kuwelenga maina: magolokipa angati, a kumbuyo angati, a pakati angati, a kutsogolo angati. Tikafuna kuti wina alowe, titchule amene atuluke, na chifukwa chake. Mwana watsopano timupatse masewela angapo tikalibe kumuweluza, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo aliyense amene afuna kukhala na mau pa za Chipolopolo, ayambe waonekela ku gilaundi ya kuno kwathu kamodzi pa mwezi, alipile pa geti ngati pali geti, agulile ana madzi ngati palibe.

Pa Chiwelu likubwelali, kwinakwake pakati pa Shikoswe na Zambia Compound, kuli kamnyamata kochaya kumbuyo kumanzele, kosamwetsa zigoli, kamene kulibe amene akajambula. Mwina zaka 6 kutsogoloku dzina lake lidzatuluka pa mndandanda, ndipo ise tidzafunsa mokwiya kuti, "Uyu ni ndani? Achokela kuti?" Achokela kuseli kwa nyumba yanu, mwandi. Pitani mukamutambe akalibe kukwela basi ya ku Lusaka.