Thukuta, Sopo ndi Mafuta: Za Khungu la Ana Athu Amasewera

Mwezi wathawu mlongo wanga wa ku Chelstone ananditumizira mwana wake wamwamuna kuti ndikambe naye, pakuti panali nkhani imene mnyamatayo sanafune kuuza amai ake. Ali ndi zaka 17, amakonda mpira koposa nsima, ndipo amalimbitsa thupi kawiri pa tsiku: m'mamawa amathamanga m'mbali mwa Great East Road, madzulo ali pa bwalo lafumbi kufupi ndi Nkoloma Stadium, kumene amalota kuti tsiku lina a Red Arrows adzamuona. Anakhala pampando atazolika nthawi yaitali, kenaka anati, "Amalume, ndiri ndi zoyabwa m'mphecepece, ndipo mankhwala amene ndikudzola akungoziwonjezera."

Anatulutsa kachubu kokongola kamene mnzake wa m'timu anamugulira pa kathebulo kena m'tauni. Masiku awiri oyamba kuyabwa kunaleka, mnyamata nakondwa. Koma akangosiya kudzola, zoyabwazo zinali kubwerera zitakula, ndipo patapita miyezi iwiri khungu la pamalopo linali litayezuka, lopyapyala, lokhala ndi mizere yonga ya pamimba pa mai amene wabereka kumene. Tinapita ku kiliniki. A dokotala sanacedwe: anawerenga tizilembo ta kumbuyo kwa kachubuko, natisonyeza liu lakuti clobetasol.

Clobetasol ndi mbale wake betamethasone ndi mankhwala a gulu la steroid. Nchito yao ndi kuziziritsa khungu lotupa ndi loyabwa, ndipo m'manja mwa dokotala ndi mankhwala abwino ndithu. Koma cimene cinagwira mwana wathu ndi tizirombo ta mtundu wa nkhungu, tomwe tija timayambitsa zipere pamutu pa ana, ndipo timakonda malo ofunda ndi onyowa. Steroid satipha tizirombo timeneti. Amangotontholetsa kuyabwa ndi kufooketsa citetezo ca khungu, iti ndi kumafalikira mwakacetecete. Kuli ngati kumanga pakamwa galu amene akuuwa, mbala ili m'khola. A dokotala anamulembera clotrimazole, kudzola kawiri pa tsiku kwa milungu inai, namucenjeza kuti asaleke kuyabwa kukangotha. Za mizere ija anatiuza mosabisa kuti idzazirala pang'ono, koma sidzacoka.

Nkhani imeneyi ndiyo yandicititsa kuti mwezi uno tikambirane za khungu la ana athu amene amathera masiku ao pa mabwalo. Ndi ambiri masiku ano. Wolawira m'bandakuca amawaona m'misewu ya Woodlands ndi Kabulonga, pa Burma Road ku Kabwata, ndiponso ku OYDC, malo a masewera a acinyamata amene anatsegulidwa mu 2010 pafupi ndi Independence Stadium. Atsikana nao satsalira, makamaka ataona a Copper Queens akusewera mu World Cup ya 2023. Makolofe timayesetsa kuwagulira nsapato ndi yunifomu, koma za khungu timazikumbukira mwana atayamba kale kukanda.

Tiyambe ndi sopo, pakuti apa ndi pamene ambiri timaphonya. Khungu lathanzi liri ndi mafuta ake acibadwa, amene amasunga madzi m'kati ndi kuchinga tizirombo ta kunja. Munthu wosamba kamodzi pa tsiku amataya ocepa, thupi ndi kubwezeretsa. Koma wosamba kawiri kapena katatu, ndi madzi otentha, ndi sopo wocapira zobvala, kenaka ndi kudzikhula ndi mwala, amakokolola mafutawo msanga kuposa mmene thupi lingawapangire. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya Lusaka ikauma, khungu lotere limatuwa, limathetheka, ndipo thukuta la mcere likalowa m'ming'alumo limaluma ngati tsabola. Sopo wamba wosambira, wosanunkhira kwambiri, ndi wokwanira. Pa kusamba kwaciwiri sopoyo apite kokha kumene thukuta limakhalitsa, ndiko kuti m'khwapa, m'mphecepece ndi kumapazi. Kwina konse madzi okha akwanira. Koma coposa mtundu wa sopo ndi nthawi. Mwana wa mlongo wanga anabvomera yekha kuti anali kukhala m'kabudula wa nayiloni wonyowa kuyambira 16 koloko kufikira atatha kuonera mpira pa TV usiku. Palibe sopo, ngakhale wocokera ku London, amene angathandize munthu wotere.

Tsono za mafuta odzola. M'masitolo a ku Manda Hill ndi a pa Cairo Road muli mabotolo okongola olembedwa kuti ndi a anthu amasewera, ndipo ena mtengo wake ulingana ndi wa thumba la ufa. Sindikuti onse ndi acabe, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta amene agogo athu anali kutidzoza, petroleum jelly uja tonse timangoti Vaseline, akugwirabe nchito yake monga anayambira mu 1872, pamene Robert Chesebrough anawalembetsa ku America. Iwo saika madzi m'khungu, amangotseka kuti amene alimo asathawe. Ndiye cifukwa cake ayenera kudzoledwa munthu atangosamba, khungu likali lonyowa pang'ono, makamaka madzulo. Glycerine nayenso ndi wabwino, pakuti amakoka madzi, koma amuike m'madzi pang'ono kapena mu lotion, cifukwa yekha amanyata.

Colakwika ndi kudzipaka mafuta olemerawa thupi lonse munthu akupita kukathamanga mu Okutobala. Thukuta limasowa potulukira, fumbi limakakamira, ndipo pamsana, pacifuwa ndi pankhope pamamera ziphuphu. Asanayambe masewera, mafuta apite pokhapo pamene pamakhulana: pakati pa nchafu, m'khwapa, pansonga za mabere kwa othamanga mtunda wautali, ndi kumbuyo kwa cidendene kumene nsapato imaluma. Amene munaonerapo Esther Phiri kapena Catherine Phiri akumenya nkhonya mudzakumbukira mphunzitsi akuwapaka mafuta pazikope ndi pamasaya. Ndi nzeru yomweyo, kuti cikopa ca golovesi citerereke m'malo mong'amba khungu. Wa nkhope ya ziphuphu asankhe lotion wopepuka, wolembedwa kuti oil-free.

Mapazi ali ndi lamulo lao. Kucidendene dzolani, koma pakati pa zala ai. Pamenepo pamafunika kuuma, cifukwa tizirombo tija ta zipere ndi tomwenso timasendetsa khungu la pakati pa zala, ndipo timatha kucoka kumapazi ndi kukwera m'mphecepece pa thaulo kapena pa kabudula wam'kati. Sokosi wa dzulo asabvalidwenso lero asanacapidwe. M'bafa losambiramo anthu ambiri alowe ndi patapata. Nsapato za pa salaula, zimene ambiri a ife ndizo timakwanitsa, zicapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lathunthu zisanabvalidwe. Ndipo thaulo sabwerekana, ngakhale ndi mnzako amene anakupatsira mpira wa cigoli.

Za dzuwa ambiri timaseka, timati zimenezo ndi za azungu. Zoona, khungu lakuda liri ndi citetezo cake, koma si cokwanira kwa munthu woima pa bwalo maola atatu masana, mumzinda wokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene dzuwa limabaya koposa kucigwa. Amene angakwanitse agule mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, olembedwa kuti water resistant, ndipo adzolenso pakapita maola awiri, pakuti thukuta limawatsuka. Amene sangakwanitse abvale cipewa ndi kusintha nthawi: isanakwane 10 koloko m'mawa, kapena itapitirira 16 koloko. Koma kwa mwana wacialubino palibe zoti angakwanitse kapena ai. Iye afunika SPF 50, cipewa cacikulu ndi malaya a manja aatali tsiku lililonse, cifukwa kwa iye mapeto a kupsa ndi dzuwa kawirikawiri ndi khansa ya pakhungu. Aphunzitsi amene amagawa matimu pouza gulu limodzi kuti libvule malaya aganizire bwino pamenepa. Atsikana amene amadzola mafuta oyeretsa khungu adziwenso kuti hydroquinone wodzoledwa nthawi yaitali, akakumana ndi dzuwa, amasiya mabanga akuda osacoka, ndipo mercury amaononga impso.

Pali cifukwa cina cimene wamasewera ayenera kuwerengera tizilembo ta pa kachubu, ndipo ici cikhudza amene akufuna kufika kumene anafika Samuel Matete, wa mendulo ya siliva ku Atlanta mu 1996, kapena Muzala Samukonga, wa mendulo ya bronze ku Paris mu 2024. Pamsinkhu umenewo amapimidwa mkodzo, ndipo cimene wadzola pakhungu cimatha kulowa m'magazi. Mu 2016 Therese Johaug wa ku Norway, katswiri wa mpikisano wa ski, anapsa milomo ndi dzuwa ali pokonzekera ku Italy. Dokotala wa timu yake anamugulira mafuta ochedwa Trofodermin, ndipo munali clostebol, mankhwala okulitsa minofu amene ndi oletsedwa m'masewera. Anamuimika miyezi 18, naphonya ma Olympic a 2018. Mu 2024 clostebol yemweyo anapezeka mwa Jannik Sinner wa ku Italy, katswiri wa tenesi. Malinga ndi kufotokoza kumene akuluakulu a masewera analandira, iye sanadzole n'komwe: womutikita minofu ndiye anapopera mankhwalawo pa bala la pa cala cake, kenaka namugwira thupi. Anakhalabe panja miyezi itatu mu 2025, pakuti lamulo limati wamasewera ndiye woyankha pa ciriconse copezeka m'thupi mwake.

Onani mmene maina awiriwa afananira, clobetasol ndi clostebol. Loyamba likadzoledwa pakhungu siliri loletsedwa m'masewera, koma ndilo linasiya mizere pa mwana wa mlongo wanga. Laciwiri linalanda Johaug ma Olympic. Inenso ndinacita kuwalemba papepala kuti ndiwasiyanitse. Safunsa anadya phula. Mankhwala alionse odzola agulidwe m'sitolo ya mankhwala yobvomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe limene boma linapatsa nchito yoyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo wogulitsayo afunsidwe kuti muli ciani m'katimo. Kachubu kosanena zimene zirimo, kapena kolembedwa m'cinenero cimene palibe angawerenge panyumba, kasiyeni pa thebulo pomwepo.

Mnyamata uja anabweranso Loweruka lapitali. Kuyabwa kunatha, ndipo wabwerera ku bwalo. Ndinamupempha kuti andionetse za m'cikwama cake. Munali sopo m'kabokosi, thaulo lolembedwa dzina lake ndi inki, patapata, kabotolo ka Vaseline ndi kabudula wouma wosinthira. Sokosi munali peyala imodzi yokha, yoboka pa cala cacikulu. Anandiyang'ana nati, "Amalume, paja a dokotala anati ndizikhala ndi mapeyala atatu." Ndinapisa m'thumba.