Mwana akapsa matako, mlandu ndi wa mayi basi?

Asisi, tikambe za mapampasi. Mwana akatuluka zidzolo m'matako, wolakwa amadziwika kale: mayi. Eti ndi waulesi, sasintha mwana. Apongozi anena, aneba anena, bambo a mwana amene sanagwirepo thewera chibadwire nawonso anena. Koma wofunsa kuti m'pampasimo muli chiyani palibe.

Anzathu ena anafunsa. Mu Januwale 2019 bungwe la boma la France loteteza thanzi la anthu, ANSES, linatulutsa zotsatira litapima mapampasi ogulitsidwa m'dzikomo. Linapezamo dioxin, formaldehyde, mankhwala onunkhiritsa, mpaka glyphosate, uja wophera udzu kumunda. Ena mwa mankhwalawa anali opyola mulingo. Linawerengeranso kuti mwana amavala mapampasi pafupifupi 4,000 asanakwane zaka zitatu. Boma linaitana makampani n'kuwauza kuti zoipazo azichotse.

Kumeneko ndi ku France, komwe paketi iliyonse ili ndi dzina la kampani. Nanga kuno kwa Lundu? Pitani pa msika pa Nchalo kapena pa Ngabu. Mapampasi ambiri amagulitsidwa limodzilimodzi, atachotsedwa m'paketi, ali pa benchi padzuwa ndi fumbi. Anapanga ndani? Liti? Chizindikiro cha MBS chili pati? Ngakhale wogulitsa sangakuyankheni.

Ndiye muonjezere kutentha kwathu kuno kuchigwa. Mu Okutobala kumafika madigiri 40. Mkati mwa pampasi muli ufa womwa mkodzo n'kusanduka ngati phala, n'chifukwa chake kunja limaoneka louma pomwe khungu la mwana likufewa ndi thukuta. Limafunika kusintha pakatha maola atatu kapena anayi, ndipo mwana akachita chimbudzi, pompo. Koma mayi amene wapatsidwa ndalama ya pampasi limodzi tsiku lonse atani? Umenewo si ulesi, ndi umphawi, ndipo wogwira ndalama pakhomopo tikumudziwa tonse.

Sitikunena kuti pampasi lililonse ndi poizoni, ayi. Tikunena kuti tili ndi ufulu wodziwa. Malawi Bureau of Standards ilipo kuyambira 1972, lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003. A MBS, tengani mapampasi a pa benchi omwewa, osati a m'masitolo aku Blantyre okha, muwapime, zotsatira muzilengeze pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chisena. A CFTC, funsani maholoselo komwe akuwatenga.

Ife pakadali pano: pogula muzipempha kuona paketi, onunkhira perefyumu asiyeni, masana mwana azipitidwako mphepo. Zilonda zikapitirira masiku atatu, kuchipatala, ndipo bambo ake anyamule mwanayo ndi iwo.